Fayilo ya STEP yatseguka koma mabowo akukana kusuntha

Funso lachokera kwa bambo wina amene ali ndi shopu yowotcherera ndi kupanga zigayo ku Blantyre. Alemba motere: "Injiniya amene amatijambulira zipangizo amagwiritsa ntchito SolidWorks, pamene ine pa laputopu yanga ndili ndi FreeCAD poti ndi yaulere. Atanditumizira fayilo ya puleti ya m'mbali mwa chigayo, inakana kutseguka. Ndiye anatumizanso ina ya STEP. Iyi inatseguka bwinobwino, koma ndikufuna kusuntha mabowo anayi a mabawuti chifukwa beyaring'i ya F208 imene iye anajambulira yasowa, ine ndapeza ya F209. Ndikadina paliponse, palibe nambala yoti ndisinthe. Chinanso, DXF imene ndinapititsa kwa odula zitsulo ndi laser anaibweza, akuti saizi yake sikumveka. Kodi ulipo mtundu wa fayilo umene umatseguka m'pulogalamu iliyonse n'kumasinthika ngati uli kwawo?"

Bambo, ndiyambe ndi pamene pakuwawa: fayilo yotero kulibe. Laputopu yanu ilibe mlandu, FreeCAD ilibe mlandu, ndipo injiniya wanu sanakugwiritseni fuwa la moto. Zimene mwaonazo ndi mmene STEP, fayilo yotumizirana zojambula za 3D pakati pa mapulogalamu osiyana, imachitira kwa aliyense, ngakhale kwa amene analipira pulogalamu ya madola masauzande.

Fayilo ya SolidWorks imene inakana kutsegukayo, ya dzina lothera ndi SLDPRT, imasunga zinthu ziwiri. Choyamba ndi maonekedwe omaliza a puletiyo. Chachiwiri ndi mbiri ya mmene inapangidwira, sitepe ndi sitepe: anajambula mzere wozungulira puleti, anaukoka kuti ichindikale mamilimita 10, anaboola pakati podutsa shafuti, kenako anauza pulogalamu kuti mabowo anayi atalikirane mamilimita 102 ndipo azitsata bowo lapakatilo kulikonse kumene lingapite. Injiniya akafuna kusintha, sakhudza puleti. Amapita pa sitepe ya mabowo, n'kufufuta 102, n'kulemba nambala ina, pulogalamu n'kuimanganso yonse payokha. Nambala imene mukuifunafunayo imakhala m'mbiri imeneyi.

STEP imanyamula choyamba chokha. Zili ngati telala wakupatsani malaya osokasoka koma kabuku kake ka miyeso n'kutsala nako. Malayawo ndi enieni, mungawayeze ndi tepi, mungawafupikitse ndi sizasi, koma simungatembenuze tsamba n'kunena kuti chifuwa chikhale 42 m'malo mwa 40.

Mwina mufunsa kuti n'chifukwa chiyani mbiriyo saiika momwemo. Mbali ina ndi malonda, palibe kampani imene imakondwa kasitomala wake akamasamuka mosavuta ndi katundu yense. Koma mbali yaikulu ndi masamu. Pansi pa pulogalamu iliyonse ya 3D pali injini imene imawerengera mmene nkhope ziwiri za chinthu zimakumanirana. SolidWorks imayendera injini yotchedwa Parasolid, imene mwini wake ndi Siemens, kampani yopikisana nayo kumene. FreeCAD imayendera ina, Open CASCADE. Mukalamula injini ziwirizi kuti zikungitse ngodya imodzimodziyo pamene pakumana mphepete zitatu, iliyonse imachita mwa njira yake, ndipo nthawi zina ina imakana kumene. Komanso iliyonse imatchula mphepetezo ndi manambala akeake. Lamulo loti "boola pa nkhope yachisanu ndi chiwiri" likafika kwina, nkhope yachisanu ndi chiwiri ikhoza kukhala ya kumbuyo. N'chifukwa chake anthu anagwirizana kuti azitumizirana zotsatira, osati malamulo.

Musaone ngati vutoli ndi la ife a mashopu ang'onoang'ono. Airbus popanga ndege ya A380, mafakitale ake a ku Germany ndi Spain ankajambula ndi CATIA V4 pamene a ku France ndi Britain anali atasamukira ku CATIA V5. Pulogalamu ya kampani imodzi, Dassault Systèmes, imenenso ndi mwini wa SolidWorks, koma mibadwo iwiriyi siinkamvana bwino. Ndege imodzi imakhala ndi mawaya otalika makilomita pafupifupi 500, ndipo pofika nthawi yolumikiza zigawo ku Toulouse, mitolo ya mawaya yokonzedwa ku Hamburg inapezeka kuti siikufika pamene imayenera kufika. Ndege yoyamba inaperekedwa kwa Singapore Airlines mu Okutobala 2007, patadutsa chaka ndi miyezi ingapo kuchokera pa nthawi imene analonjeza.

Tibwerere ku puleti yanu, chifukwa STEP si mwala woti simungaupale. Ubwino wake waukulu ndi woti imasunga maonekedwe enieni: bowo limafika lili lozungulira ndithu, lokhala ndi pakati pake ndi m'mimba mwake moyezeka. Mu FreeCAD, pitani ku gawo la Part, gwirani Ctrl n'kusankha nkhope zamkati mwa mabowo anayiwo. Samalani apa, chifukwa kawirikawiri bowo limodzi limafika litagawika zibenthu ziwiri, ndipo muyenera kusankha zonse. Mukatero dinani Defeaturing, mabowowo atsekeka ngati sanabooledwepo. Kenako pitani ku Part Design, pangani Body yatsopano puleti yotsekedwayo mutaisankha kuti ikhale maziko ake, jambulani sketch pamwamba pake, muike mabowo anu atsopano poyeza kuchokera pakati pa bowo la shafuti. Kuyambira pamenepo mabowowo ali ndi mbiri yanuyanu, ndipo nambala yawo mungaisinthe mmene mungafunire. Mapulogalamu ena monga Fusion ndi Solid Edge amalola kugwira bowo n'kulikankha mwachindunji, ndipo SolidWorks ili ndi chida cha FeatureWorks chimene chimayesa kulota masitepe poyang'ana maonekedwe. Pa zinthu zosavuta chimalota bwino. Pa zovuta chimabala mbiri yopotoka yoti ngakhale mwini wake sangaizindikire.

Koma mukandifunsa maganizo anga, puleti yafulati ya mabowo asanu siyofunika mwambo wonsewu. Tsegulani STEP, yezani, muijambulenso kuyambira pachiyambi mu FreeCAD. Ndi ntchito ya mphindi makumi awiri, ndipo mudzakhala ndi fayilo yoyera imene mukuidziwa mkati ndi kunja. Njira yokonza STEP ndimaisungira zinthu zimene kuzijambulanso kungandidyere tsiku, monga chikombole cha pampu kapena chikuto cha giyabokosi.

Pali zina zimene STEP imataya mwakachetechete, ndipo izi ndiye zoopsa kuposa mbiri, poti simuona kuti zasowa. Mazinga a bawuti ndi chitsanzo. Ojambula ambiri sajambula mazinga enieni, amangoika chizindikiro choti bowo ili ndi la M12, bawuti ya mamilimita 12. Chizindikirocho chimatsalira ku SolidWorks, ndipo kwa inu kumafika bowo losalala la mamilimita 10.2, amene ndi saizi ya diriro yoboolera musanadule mazingawo. Munthu wosadziwa amaliona n'kunena kuti ili ndi la bawuti ya M10, n'kuboola 10.5. Chimodzimodzi ndi malire a muyeso: ngati malo okhala beyaring'i akufunika H7, chizindikiro cha mmene bowo lingapyolere pa muyeso wake, kapena chitsulo chikufunika cha mtundu wakutiwakuti, fayiloyo siinena, pokhapokha ikhale STEP ya nthambi ya AP242 imene wotumiza waikamo dala zimenezi, ndipo pulogalamu yanu ikhale yodziwa kuziwerenga. Lata lopinda nalo limafika lopindikapindika, lopanda chidziwitso cha mmene angalitambasulire. N'chifukwa chake STEP isamayende yokha. Izitsagana ndi pulani ya PDF yokhala ndi miyeso yonse, ndipo ziwirizi zikasemphana, imbani foni musanayatse makina.

Zilembo za AP zimenezi zisakuopseni. STEP ndi muyezo wa dziko lonse, ISO 10303, umene unatuluka koyamba mu 1994, ndipo uli ndi nthambi. AP203 ndi yakale, ya maonekedwe basi. AP214 inakonzedwera opanga magalimoto ndipo imanyamulanso mitundu ndi ma layer. AP242 inabwera mu 2014 kudzaphatikiza ziwirizi. Kwa ntchito yanu, muuzeni injiniya asankhe AP214, imatseguka mosavuta paliponse. Mukafuna kudziwa imene mwalandira, tsegulani fayiloyo ndi Notepad. Ndi malemba wamba, mzere woyamba umati ISO-10303-21, ndipo pang'ono pansi pake mupeza dzina la pulogalamu imene inaitulutsa ndi nthambi yake.

Wina akadzakutumizirani IGES, mupempheni STEP. IGES ndi ya 1980, inasiya kukonzedwa mu 1996, ndipo imakonda kufika ngati zikopa zosasokerera zimene muyenera kulumikiza nokha. STL ndiye musaivomere n'komwe pa ntchito yofuna kusintha. Inapangidwa mu 1987 ndi kampani ya 3D Systems chifukwa cha makina osindikiza zinthu, ndipo imaphwanya chilichonse kukhala timakona atatu tambirimbiri. Inu a zigayo mukudziwa kuti chimanga chikadutsa pa sefa sichibwereranso pa chitsononkho. Bowo la mu STL si lozunguliranso, ndi timizere tambiri toyerekeza kuzungulira, ndipo fayiloyo siinena ngati manambala ake ndi mamilimita kapena mainchi.

Pamenepa tafika pa DXF yanu, fayilo ya mizere yafulati imene makina odula amatsata, imene anaibweza ija, pakuti nthenda yake ndi yofanana. DXF inabadwa limodzi ndi AutoCAD mu Disembala 1982, ndipo mkati mwake mzere umangolembedwa kuti ukuchokera pa 0 kufika pa 300. Mazana atatu a chiyani? Fayilo zatsopano zili ndi kamzere kumutu kotchedwa $INSUNITS, kamene 4 amatanthauza mamilimita, 1 mainchi, ndipo 0 ndiye kuti sizinanenedwe. Koma DXF ya mtundu wakale wa R12, imene odula zitsulo ambiri amaikonda chifukwa makina akale amaimva, ilibe kamzere kameneka, ndipo mapulogalamu ena ngakhale kalipo sakawerenga. Choncho puleti ya mamilimita 300 ikawerengedwa ngati mainchi imasanduka ya mamita 7.62, yosakwana n'komwe pa tebulo la laser. Ikalakwika mobwerera, imafika ili 11.81, kakang'ono ngati batani la malaya. Mukaona saizi yakula kapena yachepa ka 25.4, dziwani kuti ndi nkhani ya inchi.

Ngati yakula kapena yachepa mwa nambala yozungulira bwino, monga ka 2, ka 5 kapena ka 10, ndiye kuti vuto ndi lina, ndipo ndikukayikira kuti lanu ndi limeneli. DXF inatengedwa pa pepala la pulani, pamene puleti inachepetsedwa pa sikelo ya 1:5 kuti ikwane pa A4. Manambala olembedwa pambali amati 300, koma mzere weniweni ndi 60. Makina sawerenga zolembedwa, amatsata mzere. Odula aja anachita bwino kukubwezerani, ena akanangodula. Mankhwala ake ndi kutenga DXF pa chinthu chenicheni osati pa pepala: mu SolidWorks injiniya adine kumanja pa nkhope ya puleti n'kusankha Export to DXF/DWG, ndipo ituluka pa 1:1, yopanda chimango, yopanda miyeso, yopanda dzina la kampani pakona.

Ine zimenezi ndinaziphunzira nkhwangwa ili m'mutu. Zaka zapitazo ndinatumiza DXF ya mapuleti khumi ndi awiri kwa odula ndi plasma. Pa sikirini inkaoneka yoyera. Chimene sindinaone n'chakuti mzere uliwonse unali pawiri, wina pamwamba pa unzake, chifukwa ndinaitenga pa chithunzi chimene chinaonetsa mphepete yapamwamba ndi yapansi pamodzi. Makina anadutsa kawiri paliponse. Mabowo anatuluka otakasuka, m'mphepete mwake mwakuda ndi mokukutika ngati mwadyedwa ndi makoswe, ndipo bawuti inkagwedera m'menemo ngati supuni m'kapu. Wodulayo anandilipiritsa mamita a ulendo wachiwiriwo, ndipo sindikanatsutsa poti fayilo inali yanga. Kuyambira tsiku limenelo DXF iliyonse ndimayamba ndaitsegula m'pulogalamu ina, osati imene yaitulutsa. LibreCAD ndi yaulere ndipo imakwanira. Ndimayeza m'litali ndi m'lifupi, ndimadina mzere umodzi n'kuufufuta kuti ndione ngati pansi pake patsala wina, kenako ndimakuza pa ngodya kuti ndione ngati mizere yakumanadi. Kampata ka theka la milimita n'kokwanira kuti makina alephere kuzindikira mkati ndi kunja. Amene ali ndi AutoCAD, lamulo la OVERKILL limachotsa mizere yobwereza, ndipo JOIN imalumikiza yodukaduka.

Mizere yokhota mwaufulu, imene amaitcha spline, nayo imavuta. R12 siidziwa spline kapena ellipse, choncho imaziduladula kukhala timizere towongoka. Tikachepa, m'mphepete mumatuluka makona ooneka ndi maso. Tikachuluka, makina amanjenjemera poyenda. Kumene kungatheke, jambulani ndi mizere yowongoka ndi zigawo za bwalo zokha. Ndipo chizolowezi chotchipa kwambiri chimene ndingakupatseni ndi dzina la fayilo. M'malo mwa "puleti final.dxf" lembani "puleti_mbali_300x260_t10_ziwiri_revB.dxf", dzina lonena saizi, kuchindikala, chiwerengero, ndi rev, chilembo chimene chimakwera fayilo ikasinthidwa. Wodula akaitsegula n'kupeza 60 m'malo mwa 300, adziwa pompo chimene chalakwika popanda kukuimbirani.

Za DWG ndinene mwachidule, poti tsiku lina idzakufikani. Ndi fayilo ya AutoCAD, ndipo kapangidwe kake kamasintha pakapita zaka zingapo: 2000, 2004, 2007, 2010, 2013, kenako 2018. Pulogalamu yakale siitsegula yatsopano. Ikakana, itseguleni ndi Notepad, muone zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira: AC1032 ndi ya 2018, AC1027 ya 2013, AC1024 ya 2010. Bungwe la Open Design Alliance, limene linayamba mu 1998 ndi cholinga choti mapulogalamu ena azitha kuwerenga DWG, limapereka kwaulere ODA File Converter. Imeneyi imatsitsa DWG kupita ku mtundu wakale kapena kuisandutsa DXF, ndipo FreeCAD mukailozera pamene mwaiika, imayamba kutsegula DWG kudzera mwa iyo. Anzathu a mapulani a nyumba ali ndi mtanda wawo wolemera kuposa wathu: pulogalamu yawo ya Revit siilola n'komwe kusunga fayilo kuti itseguke mu Revit ya chaka cham'mbuyo, ndipo fayilo ya IFC imene amasinthana nayo ndi a pulogalamu ya ArchiCAD ndi yabwino poonera ndi poyerekeza kusiyana ndi popitirizira ntchito.

Tsono nkhani imene ndikuona kuti ndi yaikulu kuposa mitundu ya mafayilo ndi iyi: gwiranani ndi injiniya wanu kuti fayilo yeniyeni ya chigayo chimenechi ikukhala kwa ndani. Mukasuntha mabowo mu FreeCAD iye osadziwa, padzakhala mapuleti awiri a dzina limodzi. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzamupempha chivundikiro chatsopano, iye adzajambula potsata mabowo akale, ndipo mudzazindikira zitsulo zitadulidwa kale. Ngati mwini mbiri ndi iyeyo, zosintha zonse zizidutsa kwa iye, ngakhale pa WhatsApp, ndipo chilembo cha rev chizikwera. Ngati mukufuna kuti umwini ukhale wanu, nenani poyera pokambirana mtengo, ndipo pa ntchito iliyonse muzilandira zinthu zinayi: fayilo zake za SolidWorks, STEP, DXF ya chilichonse chodulidwa pa puleti, ndi PDF. Za SolidWorkszo zitengeni ngakhale simungazitsegule lero, chifukwa injiniya amasamuka, laputopu imabedwa, ndipo amene adzabwere pambuyo pake adzazifuna. Muuzeni azisonkhanitse ndi Pack and Go. Fayilo ya chigayo chathunthu, ya SLDASM, payokha ndi mndandanda chabe wolozera ku zidutswa, ikabwera yopanda ma SLDPRT ake imatseguka ili mbee. Pongofuna kuona ndi kuzunguliza, eDrawings Viewer ndi yaulere.

Ndasunga dala chinthu chimodzi kumapeto, chifukwa ndi chimene chingakudyereni ndalama sabata ino. Mwati mukuchoka pa F208 kupita pa F209. Mabowo ake amasiyanadi pang'ono, pa mabuku ambiri ndi mamilimita 102 pa yoyambayo ndi 105 pa inayo, ngakhale ndikukulangizani kuyeza yanuyo ndi vernier poti za pamsika sizifanana zonse. Koma manambala awiri omalizawo amanenanso za shafuti. Mukawachulukitsa ndi 5 mumapeza bowo la beyaring'i: 08 ndi mamilimita 40, 09 ndi 45. Ndiye kuti shafuti imene injiniya anajambula idzagwedera mu beyaring'i mwagulayo. Mukakuza shafuti, bowo lapakati pa puleti liyenera kuonedwanso, pule ndi kiyi yake zisintha, ndipo mwinanso madisiki onyamula mahamala. Mu fayilo ya injiniya zonsezi mwina n'zomangirirana, akasintha chimodzi zinazo zimatsatira kapena zimafiira kumuchenjeza. Mu STEP yanu palibe chimene chidzafiire.

Choncho musanatsegule FreeCAD, mutumizireni chithunzi cha beyaring'iyo nambala ikuoneka, ndi miyeso itatu: pakati pa mabowo, kukula kwa bowo la bawuti, ndi bowo la shafuti. Mufunseni ngati n'kwapafupi kukuza shafuti kapena kudikira F208 kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Akasintha, akutumizireni rev B ya puleti ndi ya shafuti pamodzi, ndipo DXF yake muiyeze mu LibreCAD musanakwere minibasi kupita nayo kwa odula.